Batire la Malemu Mwana Wanga

Galimoto ya mwana wanga ndinadana nayo tsiku loyamba lenilenilo. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuswa mtedza, ndipo nditadzutsa mutu ndinangoona chinthu choyera chaima pafupi ndi nkhokwe, ngakhale nkhuku sizinathawe. Ine amene ndimamva njinga ikadali kutsidya kwa dambo, sindinamve kanthu. Kuno kwa Mlolo galimoto imadziwika ikadali kutali. Agalu amauwa, fumbi limakwera, ndipo munthu umapeza mpata wolowetsa m'nyumba zimene sukufuna kuti alendo aziwerenge ndi maso. Iyi inangofika ngati njoka.

Anatsikamo mwana wanga akuseka. Anali mwana wanga wamkazi yekhayo, namwino ku boma, ku Chadiza, ndipo galimotoyo anaiitanitsa kunja, yogwirapo kale ntchito, atadzimana zaka zambiri.

"Amama, mwaiona? Imeneyi amati haibulidi."

"Kuiona ndaiona, koma sindinaimve. Chobwera pakhomo pa munthu osanena odi ine ndimachitcha mbala."

Anandikoka dzanja, nandikhazika kumbuyo, n'kuyamba kundilongosolera ngati mmene ankalongosolera mankhwala kwa odwala ake. Anati galimotoyi imakokedwa ndi zinthu ziwiri, ngati ng'ombe ziwiri pa goli. Kutsogolo kuli injini yomwa petulo. Pansi pa mpando umene ndinakhalapowo pali batire lalikulu, osati kaja kolizira wailesi ayi, koma chibokosi chachitsulo. Ikamayenda pang'onopang'ono injini imagona, batire n'kumakoka lokha. Pokwera chitunda zimakokera limodzi, potsetsereka batire limadzidyetsa lokha. Ndinamvetsera zonse osayankha. Ndine wotero ine, sindiyankha koma sinditaya mawu.

M'kupita kwa nthawi ndinaizolowera, ngakhale kuikhulupirira ayi. Petulo inkamwa ngati mwana wodwala akamamwa phala. Mwana wanga ankathira atalandira malipiro, n'kumayenda nayo kuno ndi ku boma, ku boma ndi ku Chipata, mwezi n'kufika pakati asanaimenso pothirira mafuta. Aphunzitsi amene anali ndi galimoto zachikale ankamuchitira nsanje poyera. Kuipa kwake inali yaifupi miyendo. M'dzinja, ngolo zikakumba msewu wathu, mimba yake inkakhula pansi, ndipo kawiri konse tinaizula m'matope ndi ng'ombe, iyo ili phee ngati si iyo yatichititsa manyazi. Komabe inkanditengera ku kiliniki kukalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo amayi atatu a m'mudzi muno anakachilira ku chipatala, osati m'ngolo, chifukwa cha iyo.

Tsopano ndinene za mkamwini wanga. Iye ndi wa kwa Zemba. Nyengo yokolola ankagulira makampani thonje, miyezi inayo ankangosita malaya. Ulemu anali nawo wosefukira. Akandiona ndikubwera ankapatuka m'njira, n'kunjuta kuseri kwa chitsamba akuwomba m'manja, poti mwambo umati mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso. Anthu ankati ndinachita mwayi. Ine munthu wogwada msanga ndimamuyang'ana m'manja. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinamuonera m'mbali mwa diso. Nkhope yake sindinkaidziwa bwino, koma mayendedwe ake onse ndinkawadziwa.

Batire loyamba analipha ndi iyeyo. Mkazi wake akakhala pa ntchito, ankatenga galimoto n'kumazungulira nayo m'midzi ya kwawo, akuidzaza thonje mpaka kudenga, mpando wakumbuyo osaoneka. Sankadziwa, kaya sankasamala, kuti pambali pa mpandowo pali timabowo timene batire limapumira. Chaka chachitatu kunayaka kanyali kofiira kutsogolo, galimoto inayamba kulira ngati chigayo, ndipo pa chitunda inkachita kupempha.

Tinapita nayo ku Chipata, kwa makaniko wina wodziwa galimoto zamtunduwu. Ndinapita nawo dala, chifukwa ng'ombe ziwiri zimene tinagulitsa kuti tipeze batire lina zinali zanga, zondisiyira malemu amuna anga, ndipo sindinafune kumva mathero a ng'ombe zanga m'kamwa mwa munthu. Makanikoyo anachotsa mpando, napisa dzanja kuseri kwa timabowo tija, natulutsa chimpira cha thonje ndi fumbi chonga chisa cha mbewa.

"Ndani amanyamula thonje muno?"

Mwana wanga anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana mwana wanga.

Makaniko anatiuza zinthu ziwiri: timabowo tisamatsekedwe, ndipo galimoto isamakhale nthawi yaitali osayenda, chifukwa batire lamtunduwu likangokhala chogona limafa. Limene anatipezeralo silinali latsopano kwenikweni, linachokera m'galimoto imene inachita ngozi ikadali yanthete, koma anati likasamalidwa lidzatha zaka. Ndinakhala pa tayala tsiku lonse ndikumuyang'ana m'manja. Atatsala pang'ono kubwezeretsa mpando, ndinamasula mfundo ya chitenje changa n'kutulutsa kabotolo ka penti wofiira, uja atsikana amapaka zikhadabo.

Amayi a kuno amaidziwa ntchito ya kabotolo kameneka. Pakagwa maliro kapena ukwati aliyense amabwera ndi mbale, makapu ndi mapoto ake, ndipo zikasakanikirana, chimene chilibe chizindikiro sichibwerera kwawo. Wina amalemba mtanda, wina chilembo. Changa ndi madontho atatu ndi kamzere pansi pake, ndipo amayi onse a ku tchalitchi kwathu amachidziwa, poti ndinatsatirapo sipuni imodzi mpaka mudzi wachitatu.

"Ambuya, musakhudze pamenepo! Magetsi ake angaphe ng'ombe. Imeneyi si mbale ya pamaliro."

"Ng'ombe apha kale ziwiri. Ndisonyezeni pamene sipaluma."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anandisonyeza pa ngodya ya chivundikiro, ine n'kudontheza madontho anga. Mwana wanga anaphimba kumaso ndi manyazi. Mkamwini tsiku limenelo panalibe.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo mwana wanga anadwala. Sanagone masiku ambiri, tinamuika mu Malichi. Za matendawo sindilemba, dzanja limakana. Ndingonena zimene ananena ali m'chipatala, pamaso pa ine ndi mlongo wanga, amene ndiye mwini mbumba yathu. Anati galimoto ikhale ya mwana wake, iperekedwe kwa munthu wokhulupirika aziyendetsa ngati takisi, ndalama zake zimuphunzitse mtsikanayo mpaka adzavale zoyera ngati mayi ake. Mdzukulu wangayo anali mu giredi 11, ku sukulu yogonera konko. China chomusiyira panalibe, nyumba ya ku boma inali ya ntchito.

Mwambo wathu umati katundu wa malemu sagawidwa mpaka tsiku losudzula. Kusudzula ndiko kumasula wamasiye. Akuchikazi ndi akuchimuna amakhala pansi, timamuthokoza mwamunayo kuti anatisungira mwana, timamupatsa kanthu m'manja, n'kumuuza kuti ukwati watha, apite kwawo, akafuna akakwatire. Tsikulo lisanafike amakhala pamudzi pa mkazi wake, ndipo palibe banja lolongosoka limene lingamupatse mwana wawo. Tinagwirizana kuti tidzamusudzule tikakolola, mu Ogasiti. Mkamwini anadzakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa khola, galimoto tinaiimika pansi pa mtengo wa mango, kiyi ndinamangirira m'chiuno.

Sabata zitatu zisanathe mkamwini anatuma mlongo wanga.

"Alongo, bambo a mwana akuti galimoto ija ikangokhala chonchi ifa. Iziyendako."

Bodza likabwera lokha ndimalizindikira likadali pachipata. Ili linabwera litabereka choona kumsana, poti mawu omwewo ndinawamva ndekha kwa makaniko. Ndinalola kuti Loweruka lililonse azipita nayo ku boma n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Akabwera ndinkatsegula chitseko chakumbuyo n'kununkhiza mpando, kufunafuna thonje. Sindinapeze kalikonse. Ndinkayang'ana pamwamba, osadziwa kuti wakuba maso ake ali pansi.

Mu Juni anati ikufunika kukasintha oyilo ku Chipata. Anapita Lachisanu, anabwera Lamlungu titaweruka ku mapemphero. Ndinali pa khonde, ndipo ndinaimva ikadali kutsidya kwa dambo. Agalu anauwa. Inafika pakhomo ikubuula, ndipo itaima injini sinagone, inangopitiriza kulira mpaka anaizimitsa.

Madzulo ake anabwera ndi mlongo wanga. Iye ananjuta chapatali, nkhope kumbali, mawu akulankhula kwa mlongo wanga koma kuti agwere m'makutu mwanga.

"Muwauze amama kuti batire latha. Amakaniko akuti ndi kukhalitsa kuja, Loweruka lokha silinakwane. Lina panopa ndi lodula kuposa poyamba. Koma mwa mwayi pali mnzanga ku Chipata amene angaigule mmene ililimu, aiphwasule azigulitsa zitsulo. Kangachepeko kamuthandize mwana temu imodzi kapena ziwiri."

"Mwamvatu alongo," anatero mlongo wanga. "Ng'ombe zina tilibe. Tisakakamire mtembo."

"Ndamva. Katundu wa malemu sagulitsidwa tisanasudzule. Adikire."

Tsiku limene onse awiri anapita kumsika wa thonje, ndinaitana bambo wina wokonza njinga zamoto ku boma, n'kumulonjeza nkhuku. Ankaopa magetsi, koma ndinamuuza kuti angochotsa mpando basi, zina asakhudze. Atauchotsa ndinagwada n'kuyang'ana pa ngodya ija. Panalibe dontho ngakhale limodzi. Ndinapukuta ndi malovu, ndimati mwina ndi fumbi. Ayi ndithu. Chitsulo chake chinali chakuda, chadzimbiri m'mbali, mabawuti okha ndiwo anali owala poti sipanala inali itawakanda chaposachedwa. Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi. Pa maliro a mwana wanga ndinalira monga mayi aliyense. Apa sindinalire, ndinangouza bamboyo kuti abwezeretse mpando.

Sindinauze munthu. Mlongo wanga ndi wabwino mtima, koma ankamwa ndi mkamwini, ndipo mowa sudziwa kusunga kanthu. Ndinati ndikupita ku Chipata kukapimitsa maso. Ndinakwera njinga ya hayala mpaka ku boma, kenako minibasi, ndipo nditatsika ndinalunjika kwa makaniko uja. Atangondiona anaika sipanala pansi.

"Ambuya a madontho! Mwadzuka bwanji?"

"Ndinu munachotsa batire la mwana wanga?"

"Ine? Ambuya, ndili ndi ana ine."

"Nayenso mwana wanga anasiya mwana. Ndikhala pa tayala lija mpaka mukumbuke."

Ndinakhaladi. Aliyense wobwera ndi galimoto ndinkamupatsa moni waulemu, n'kumufunsa ngati analemba chizindikiro pa batire lake asanalisiye pano. Wachitatu atabwerera osatsika n'komwe, makaniko anadzanjuta pambali panga.

"Mundithamangitsira anthu, ambuya. Tamverani, koma ine simunandione. Mkamwini wanu anabweradi, akuti ndisinthanitse batire la galimoto yanu ndi la takisi ina. Ndinakana, ndinakumbuka nkhope yanuyi. Anapita kwa ena uko. Takisiyo ndi yotuwa, chitseko chakumanzere n'chopindika, imaima pafupi ndi msika. Mwini wake ali ndi mlongo wake woluka tsitsi. Zotsalazo mukaone nokha."

Ndinaipeza. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakwerepo takisi ndekha, koma ndinatsegula kumbuyo ngati wozolowera, n'kunena kuti andiperekeze ku chipatala. Inanyamuka zii, osatsokomola. Pa maloboti injini inagona. Ndinaika chikhato pa mpando. Pansi panga panali ng'ombe zanga ziwiri ndi sukulu ya mdzukulu wanga.

"Galimoto yabwino, bambo. Ndi yatsopano?"

"Iyayi ambuya, nkhalamba ngati inu nomwe! Inatsala pang'ono kundigwetsa, petulo inkamwa ngati chidakwa. Alamu anga ndiwo anandipezera batire, ulere. Munthu wa mtima uja."

"Mwayi wake mlongo wanu. Ukwati unali liti?"

"Sunachitike. Alamuwo akazi awo anamwalira, ndiye akudikira kusudzulidwa. Amayi athu akanitsitsa kuti alamuwo salowa m'nyumba asanamasulidwe, chonsecho mlongo wangayo pakati pakuoneka kale. Akuti kumudziko kuli kampongozi kovuta, kowerenga ndi nthenga za nkhuku zomwe. Koma Ogasiti ali pafupi, athana nako."

"Athana nako ndithu," ndinatero.

Ndinamulipira, ndinamuthokoza, ndinatsika. M'minibasi pobwerera ndinawerenga miyezi pa zala. Pakati pooneka kumayambiriro kwa Julayi, mwana wanga tinamuika mu Malichi. Ndinawerenga kawiri, kuti mwina ndalakwitsa chala.

Sabata zotsalazo mkamwini ndinamudyetsa bwino. Ndinkamutumizira nkhuku, mazira, mpunga wa Lamlungu. Mlongo wanga anasangalala kuti mtima wanga wafewa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, umadikira atsike.

Tsiku losudzula linali Loweruka. M'mawa akatekisi anatsogolera mapemphero a malemu ku tchalitchi chathu chaching'ono, kenako tonse tinasonkhana pabwalo panga. Ankhoswe a kwa Zemba anafika pa njinga. Mdzukulu wanga anali pa holide, anakhala pambali panga. Kumapeto kwa mphasa ya amayi kunakhala amayi awiri achilendo, ovala nsapato za m'tauni, ati ndi anzake a malemu. Anzake a mwana wanga ndimawadziwa onse. Awa anatumidwa kudzaona ndi maso kuti mwamuna wamasulidwadi.

Mlongo wanga analankhula bwino, anathokoza a kwa Zemba, anathokoza mkamwini chifukwa cha ulemu wake. Mbale ya kandalama inali kale m'manja mwake. Kenako anatembenukira kwa ine monga mwa mwambo.

"Mayi wa malemu, pali mawu?"

Pamenepa mayi amangowomba m'manja, zinthu n'kupitirira. Ine sindinawombe.

"Alipo. Amayi, pamaliro tikatsuka mbale, alipo amanyamuka mbale zisanakwane?"

"Iyayi!" anayankha amayi, ena akuseka poti amandidziwa.

"Katundu wa mwana wanga sanakwane."

Wokonza njinga uja ndinali nditamuitana ngati mlendo wodzamwa thobwa. Ndinamupatsa kiyi, anachotsa mpando anthu onse akuona. Ndinaitana amayi atatu a ku tchalitchi, n'kuwauza kuti chizindikiro changa amachidziwa, ndinachilemba ndi dzanja langa pa ngodya iyi, achipeze. Mmodzi anakumbuka kuti malemu anawasimbirapo nkhaniyi ku chigayo akuseka, kuti amama alemba batire ngati poto. Nkhani za mbale amuna sazimvera, ndi pamene anagwera mkamwini. Amayiwo anawerama, anapukuta, anayang'anizana.

"Palibe."

Ndinadzuka, ndinadutsa bwalo lonse, n'kukaima patsogolo pa mkamwini wanga, n'kumuyang'ana kumaso. Anthu anati aaa! Ankhoswe anagwira pakamwa. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti ali ndi chipsera pansi pa diso.

"Bambo a mwana, batire la mkazi wanu lili m'takisi yotuwa ku Chipata. Ndinakweramo, ndinalipira. Ngati mwini wake mwamuiwala, amayi awiri ali apowo akukumbutsani. Lero simusudzulidwa."

"Amama, amakaniko ndiwo..."

Amayi achilendo aja ananyamuka thobwa osamaliza, ndipo makapu anga ndinatuma munthu akawatenge asanapite nawo.

Batire linabwerera sabata zitatu zisanathe. Mmene mkamwini anagwirizanirana ndi wa takisi sindikudziwa, ndinangoona kuti foni yake ndi nsapato zake za Lamlungu zasowa, ndipo a kwa Zemba ankadandaula za mbuzi. Tinapita ku Chipata atatu, iye akuyendetsa, mlongo wanga pambali pake, ine kumbuyo. Pa chitunda chilichonse galimoto inkachita ngati ibwerera chambuyo, ndipo petulo tinathira kawiri. Makaniko wa poyamba uja ndiye anabwezeretsa. Madontho atatu ndi kamzere zinali pomwepo. Analumikiza kompyuta yake, nati miyezi ya pa takisi yalidyako ndithu, koma likadali ndi moyo.

"Nanga lakufali, ambuya? Pali anthu amagula."

"Ikani ku buti. Lili ndi mwini wake."

Nditafika nalo ndinalisunga pansi pa nkhokwe, n'kuliphimba ndi lata.

Aliyense anaganiza kuti nkhani yatha. Mlongo wanga anafunsa ngati tiitane a kwa Zemba Loweruka likudzalo. Ndinati sindinakonzeke. Mu Seputembala anafunsanso, sindinakonzeke. Mayi wa malemu akapanda kuwomba m'manja palibe angasudzule munthu, ndipo mkamwini wosasudzulidwa akadali mkamwini. Ndinatuma uthenga kuti nkhokwe ikufuna denga, khola lapendekeka, munda wa kumtunda ukufuna mizere. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, munthu wosita malaya uja anagwira khasu mpaka matuza anaphulika. Ine ndinkakhala pa chulu ndi ambulera, ndikuloza ndi ndodo pamene mzere wakhota. Kuthawa sakanatha. Kwawo ankhoswe anamuuza kuti akachoka osasudzulidwa asafikeko, ndipo ku Chipata anamutsekera chitseko. Mwana wa woluka tsitsi uja atabadwa, bambo ake anamva kwa ankhoswe ali m'munda mwanga, ndipo anamaliza kaye mzere asanakhale pansi.

Akatekisi anabwera kawiri.

"Amayi, kubwezera n'kwa Mulungu."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Koma Iye ali ndi anthu ambiri oti awaone. Ine ndili ndi mmodzi yekha."

Amene ananditsutsa mondipweteka ndi mdzukulu wanga. Atabwera pa holide ya Disembala anapeza bambo ake ataonda, khosi lili ngati la nkhuku yonyowa. Anandipeza ndikusankha mbewu ya mtedza, anaima osagwada.

"Ambuya, batire linabwera. Mukufunanso chiyani? Ndi atate angatu amenewa."

Ndinapitiriza kusankha mtedza wanga. Za miyezi ija ndinawerenga pa zala sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Akadzakhala namwino adzawerenga yekha.

Ndinamusudzula mu Januwale, chimanga chitafika m'mawondo, atatha kupalira koyamba. A kwa Zemba anabweranso, ochepa ulendo uno, matope mpaka m'akakolo. Mlongo wanga analankhula mwachidule, za ulemu sanatchulenso. Atatenga mbale ya kandalama ndinamuimitsa.

"Kanthu ka m'manja ndakonza ndekha."

Amuna awiri anatulutsa batire lakufa lija pansi pa nkhokwe, n'kuliika patsogolo pake.

"Bambo a mwana, ichi munabwera nacho ndinu pakhomo pano. Ife sitikhala ndi katundu wa eni. Pitani bwino, mukakwatire."

Ndinawomba m'manja. Chopatsidwa pa kusudzula sichikanidwa, choncho nayenso anawomba m'manja n'kulandira. Analimangirira ndi malegeni pa kaliyala ya njinga ya ankhoswe. Ndi lolemera ngati thumba la feteleza, ndipo m'matope amenewo kupalasa sikukanatheka, anachita kukankha ulendo wa kwa Zemba. Ndinakwera pa chulu kuti ndimuone bwino. Njinga inagwa kawiri asanafike kudambo, ndipo kachiwiriko ankhoswe sanamuthandize kudzutsa.

Galimoto ikuyenda. Amayendetsa mayi wina wa ku boma, mphunzitsi wopuma ntchito, pakati pa Chadiza ndi Chipata. Lamulo ndinamupatsa limodzi: kumbuyo kumakhala anthu, matumba ayi. Amati ndi wokhulupirika, koma mwezi uliwonse ndimapita ndekha kukapukuta timabowo tija ndi nthenga ya nkhuku. Makaniko akuti batire lidzafa ndithu tsiku lina, onse amafa, choncho ndagula kamwana ka ng'ombe kakukula m'khola limene anakonza mkamwini.

Mdzukulu wanga ali chaka choyamba ku sukulu ya unamwino. Temu yoyamba yonse ya giredi 12 sanandilankhule, ndalama ankalandira kudzera kwa mlongo wanga. Tsopano amaimba foni Lamlungu, amafunsa ngati ndikumwa mankhwala, koma za bambo ake kwa ine satchula, ndipo ndikudziwa kuti amakawaona.

Akatekisi akuti ansembe akadzabwera ku tchalitchi chathu ndikalape. Ndinawafunsa ngati munthu angalape chinthu chimene sichikumupweteka mumtima. Anati ayi, chisoni chiyambe chabwera. Ndiye ndinawauza kuti chikadzabwera ndidzapita. Ansembe abwera kanayi chichokereni tsiku limenelo.